Mafilimu a Anna Pavlova: bwanji kavidiyo kake kakuseketsa ana pomwe omuona pa siteji ankalira?

Tsiku lina ndinamuonetsa mwana wa achemwali anga kavidiyo ka Anna Pavlova pa foni, mtsikana woti kusukulu kwawo ali mu gulu la zovina ndipo amadzimva kuti zimenezi amazitha. Ndinayamba ndamuuza kuti mzimayi uyu nthawi yake dziko lonse linkati palibe wina wovina ballet ngati iye, gule uja wa pa siteji woti azimayi amavina ataima pa nsonga za zala za kumapazi. Anayang'ana mwina masekondi twente basi kenaka nkuphulika kuseka, amvekere "amalume, ameneyu ndiye wotchukayo? nanga bwanji akukupiza manja ngati nkhuku yoti aidula khosi?" Ndinafuna kumukalipira koma nditayang'ananso ndinaona kuti mwanayo sakunama, kavidiyoko ndi kakuda ndi koyera, kakuthwanimathwanima, mzimayiyo akuthamanga ngati wina akumupirikitsa, ndipo nyimbo yomwe aikapo ikuyenda njira yakeyake osagwirizana ndi mapazi. Ndiye ndi pamene ndinati nkhani iyi ndiyofunika kuifotokoza bwinobwino, chifukwa vuto si la Pavlova ayi, komanso si la mwanayo. Vuto lili pakati pa gule ndi kamera.

Mafilimu okhudza mayi ameneyu alipo a mitundu ingapo ndipo anthu amawasokoneza. Pali timavidiyo tatifupitifupi momwe akuvina iye mwini, pali filimu yaitali ya 1916 momwe anasewera ngati wa zisudzo, pali ina yomwe anaisonkhanitsa atamwalira, kenaka pali filimu ya 1983 ya mbiri ya moyo wake momwe munthu wina akusewera ngati iye. Iliyonse ikukupatsa kanthu kena nkukumana kena, ndipo palibe imodzi yomwe ungaonere nkunena kuti eya, Pavlova ndamuona.

Koma kaye anali ndani. Anabadwa mu February 1881 ku St Petersburg, Russia ikadali ya mafumu, mayi ake anali ochapa zovala za anthu, banja losauka ndithu. Mu 1890 mayi akewo anamutengera ku Mariinsky Theatre kukaonera The Sleeping Beauty, gule wa Marius Petipa yemwe anali atangotuluka kumene chaka chomwecho, ndipo kamtsikanako kanabwerako mutu utazungulira, kakufuna kuvina basi. Kusukulu ya ballet ya mfumu anayamba amubweza kuti ndi wamng'ono, anamulandira mu 1891 ali ndi zaka 10, anamaliza mu 1899, ndipo pofika 1906 anali atafika pa udindo wa prima ballerina, kutanthauza wovina wamkulu wa pagulupo. Chomwe anthu ambiri sadziwa nchakuti thupi lake silinali lomwe aphunzitsi a nthawi imeneyo ankafuna. Fasho inali ya ovina a ku Italy, azimayi amphamvu a miyendo yolimba omwe amatha kuzungulira pa chala chimodzi kambirimbiri osagwa. Pavlova anali wowonda, akakolo ang'onoang'ono, phazi lopindika kwambiri pamwamba, loti kuliona nlokongola koma kuimira pa nsonga ya zala linkamuvutitsa. Ndiye iye anapeza nzeru yake, nsapato zovinira zija, zomwe amazipanga ndi nsalu zosanjikiza ndi guluu nkukuta ndi satini, ankaziika chikopa cholimba kunsi komanso kuphwatalitsa kutsogolo kwake kuti apeze poimira. Anzake ena ankati kumeneko nkubera. Mpaka pa zithunzi zake ankauza ojambula kuti akonze nsonga ya nsapato izioneka yosongoka ngati sanaigwire. Lero nsapato za ballet pafupifupi zonse zili choncho, zophwatalala kutsogolo, zomwe ankamunena nazo zija.

Zimenezi ndazinena dala chifukwa zikuthandiza kumvetsa mafilimu aja. Pavlova sanatchuke chifukwa chozungulira kwambiri kapena kukweza mwendo kufika kukhutu. Anatchuka chifukwa cha momwe amapangitsira munthu kumva mumtima, manja ake, khosi, nkhope, kupepuka koti umaona ngati sakuponda pansi. Ndipo zinthu ngati zimenezi ndi zomwe kamera yakale inkalephera kugwira.

Gule yemwe anamutchukitsa zedi, yemwe ali mu kavidiyo komwe mwana uja anaseka, ndi The Dying Swan. Swan ndi mbalame ija ya m'madzi yoyera ya khosi lalitali, yokhala ngati tsekwe koma yaikulu. Apa tisasokoneze ndi Swan Lake, ameneyo ndi gule wina wautali wa nyimbo za Tchaikovsky wa anthu ambirimbiri pa siteji, anthu amaphatikiza ziwirizi kawirikawiri. The Dying Swan ndi kagule ka munthu m'modzi, maminitsi ochepa chabe, anamupangira Mikhail Fokine, mnzake wa ku Mariinsky komweko, pa nyimbo ya Camille Saint-Saëns ya chida chija chokhala ngati vayolini yaikulu chomwe amachitcha cello. Mabuku ena amati 1905 ena amati 1907. Mulibe kudumpha, mulibe kuzungulira kodabwitsa, mzimayi amangoyenda pa nsonga za zala timasitepe tating'onoting'ono tofulumira ngati akuyandama, manja akukwera nkutsika ngati mapiko, akufooka, kuyesa kudzuka, kufookanso, mpaka kumapeto amakhala pansi mwendo umodzi atautambasulira kutsogolo nkugwetsa mutu ndi manja pamwamba pake. Basi. Amati anavina kagule kameneka pafupifupi ka 4,000 pa moyo wake.

Ka 4,000 kameneka kanatheka chifukwa mayiyu sankakhala pansi. Mu 1909 anavina ku Paris ndi gulu la Sergei Diaghilev la Ballets Russes koma sanakhalitse, awiriwa onse anali a mitu yolimba, ndipo Pavlova nyimbo zatsopano ngati za Stravinsky sankazikonda, moti gawo lalikulu la mu gule wa nyimbo za Stravinsky wotchedwa The Firebird linapita kwa wovina wina, Tamara Karsavina. Anakhazikitsa gulu lake, mu 1912 anakakhala ku London mu nyumba yotchedwa Ivy House ku Golders Green komwe ankaweta ma swan enieni padziwe, wokondedwa wake dzina lake Jack, ndipo kuchokera pamenepo unali ulendo wokhawokha pa sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. America, South America, Mexico komwe mu 1919 anavina gule wawo wa Jarabe Tapatío pa nsonga za zala, Japan mu 1922, India, Egypt, South Africa cha kumapeto kwa 1925, kenaka Australia ndi New Zealand mu 1926, komwe mpaka lero amalimbirana kuti ndani anayambitsa keke ija ya mazira ndi zipatso yomwe imatchedwa dzina lake. Ku Lima, ku Peru, mu 1917 kamnyamata kena ka zaka 13 kanamuona akuvina, ndiko kanadzakhala Frederick Ashton, wopeka magule wamkulu wa ku Britain, ndipo moyo wake wonse ankanena kuti zonse zinayambira usiku umenewo. Uday Shankar wa ku India, mkulu wake wa Ravi Shankar woimba uja, anali ku London akuphunzira zojambula pamene Pavlova anamutenga kuti avine naye mu 1923, nkusiya penti nkukhala wovina. Ndiye mukuona, anthu omwe anamuona ndi maso anasintha moyo wawo wonse. Ife tikuona kavidiyo nkumaseka. Pali chinachake chomwe chinatayika panjira.

Choyamba chomwe chinatayika ndi liwiro. Kamera za nthawi imeneyo ankazipukusa ndi dzanja, munthu waima kuseri akuzunguza chogwirira, ndipo zithunzi zinkalowa mwina 16 kapena 18 kapena 20 pa sekondi, kutengera dzanja la wojambulayo tsiku limenelo. Mafilimu a mawu atabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anakhazikitsa kuti zizikhala 24 pa sekondi. Tsopano ukatenga filimu yomwe inajambulidwa pa 16 nkuionetsa pa 24, chilichonse chimathamanga, nchifukwa chake mu mafilimu akale anthu amayenda ngati akuthawa mvula. Kwa Charlie Chaplin zimenezi zimangowonjezera kuseketsa, palibe chaonongeka. Koma kwa munthu yemwe luso lake lonse lili pa kuchedwetsa dzanja kuti litsike pang'onopang'ono, kumuthamangitsa nkumupha kachiwiri. Mapiko a mbalame yomwe ikufa amasanduka a nkhuku ija ananena mwana wa achemwali.

Chachiwiri ndi nyimbo. Timavidiyo timeneti tinajambulidwa opanda mawu, nyimbo yomwe mukuimva pa YouTube anaika ndi anthu ena patapita zaka, ena mwaluso ena mongoponyapo. Taganizani mwajambula Gule Wamkulu pa foni nkuchotsa ng'oma zonse, kenaka munthu wina woti sanafikepo pabwalo nkuikapo ng'oma zina za tsiku lina, zomwe sizikugunda pomwe phazi likugunda. Munthu wachilendo ataona angati chimenechi ndiye chomwe mumachitamanda? Wovina amavina ng'oma, amayankha ng'oma, nthawi zina amaitsogolera nthawi zina amaichedwera dala, ndipo kuchedwera dalako nkomwe kumasiyanitsa katswiri ndi wophunzira. Ukachotsa nyimbo yeniyeni watsala ndi theka la gule. Onjezani apo kuti kamera inkangoima malo amodzi osasuntha, chapatali, nkhope osaoneka bwino, mulibe holo yodzadza anthu ali chete, mulibe magetsi a buluu aja a pa siteji, ndi situdiyo chabe ndi anthu ochepa oimirira kumbali. Komanso zambiri mwa zomwe zilipo zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1920, monga zomwe anamujambula ku Hollywood mu 1924 ku situdiyo ya Douglas Fairbanks nthawi ya The Thief of Bagdad. Apa nkuti ali ndi zaka zoposa 40, atavina zaka 25 mosapuma, mawondo ndi mapazi atatopa. Pavlova wa zaka 25 yemwe anazunguza mitu ku St Petersburg si amene tikumuona pamenepo.

Komabe tisadandaule kwambiri, iyeyu bola. Diaghilev uja sankalola nkomwe kuti gulu lake lijambulidwe, ankaona kuti kamera ingachepetse ntchito yake, ndipo zotsatira zake nzakuti Vaslav Nijinsky, mwamuna wovina wotchuka wa m'gulu lakelo, yemwe amati ankadumpha ngati waiwala kutsika, palibe filimu yake ngakhale imodzi akuvina. Za gulu lonse la Ballets Russes chomwe chinapezeka ndi kachidutswa ka masekondi ochepa kojambulidwa patali ku Montreux, Switzerland, mu 1928, ndipo kanadziwika mu 2011. Pavlova anali wosiyana, kamera inkamusangalatsa, mpaka anali nayo yake yomwe ankayenda nayo m'maulendo. Ndiponso nzamwayi kuti zinasungika, filimu yakale inkapangidwa ndi mankhwala a nitrate omwe amayaka moto msanga komanso amaola okha m'chitini, ndipo lipoti la 2013 la Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, linapeza kuti pa mafilimu aatali opanda mawu a ku America, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatayikiratu.

Imodzi mwa zomwe zinapulumuka ndi The Dumb Girl of Portici ya 1916, filimu yokhayo yaitali yomwe Pavlova anaseweramo. Inapangidwa ndi Universal, ndipo anaitsogolera ndi Lois Weber pamodzi ndi mwamuna wake Phillips Smalley. Dzina la Lois Weber mulisunge, anali mzimayi yemwe nthawi imeneyo anali m'gulu la madairekita akuluakulu a Hollywood, kenaka mbiri inamuiwala kwa zaka zambiri. Nkhani ya filimuyi inachokera ku opera, sewero loti anthu amaimba mmalo molankhula, ya Daniel Auber ya 1828, yonena za kuukira kwa anthu a ku Naples mu 1647 polimbana ndi ulamuliro wa Spain.  Pavlova akusewera ngati Fenella, mtsikana wosalankhula, mlongo wake wa msodzi Masaniello, yemwe mwana wa bwanamkubwa wachi Spain anamunyengerera nkumutaya. Ngakhale mu opera gawo limeneli limapatsidwa kwa wovina osati woimba popeza mtsikanayo salankhula, ndiye kwa filimu yopanda mawu linali lomukwana bwino. Anajambula zina ku Chicago komwe gulu lake linkavina nthawi imeneyo, zina ku California, ndipo chomwe chinamukoka kwambiri ndi ndalama, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, ku Europe kulibe kovina, iye ali ndi gulu la anthu loti alidyetse komanso analowa mu bizinezi yoyenda ndi gulu la opera la ku Boston yomwe inkadya ndalama ngati moto.

Munthu ukaionera kufuna ballet ukhumudwa, muli pang'ono chabe. Koma ine ndimaona kuti mwa zonse iyi ndi yomwe imakuyandikitsa kwa iye. Akuthamanga pamchenga tsitsi lili balala, ali m'ndende akugwedeza zitsulo, akukwapulidwa, ndipo thupi lonse likulankhula, osati nkhope yokha, msana, mapewa, zala. Pena amapyola muyezo, inde, masewero a nthawi imeneyo anali otero ndipo iye anazolowera kusewerera munthu wokhala mpando wakumbuyo kwa holo. Koma ukuona munthu wamoto, wosakhazikika, osati kachidole koyera ka pa zithunzi kaja. Filimuyi Library of Congress inaikonzanso ndipo kampani ya Milestone inaitulutsa mu 2018, ndiye tsopano ikupezeka yooneka bwino kuposa momwe anthu anaionera kwa zaka zambiri.

Anamwalira pa 23 January 1931 ku The Hague, mu Hotel des Indes, kutatsala masabata atatu kuti akwanitse zaka 50, matenda a m'mapapo. Nkhani zomwe zimanenedwa za imfa yake nzambiri, yotchuka ndi yakuti mawu ake omaliza anali opempha kuti amukonzere chovala chake cha swan. Patapita masiku ochepa ku London oimba anaimba nyimbo ya swan ija, katani yotsegula, siteji yopanda munthu, nyale imodzi ikuyenda yokha pomwe iye akanadutsa. Zinthu ngati zimenezi opanga mafilimu amazikonda, ndipo apa mpamene munthu weniweni amayamba kuphimbika ndi nthano.

Yemwe anayamba kuumba nthanoyo ndi Victor Dandré, manijala wake komanso mwamuna yemwe ankakhala naye. Bamboyu nkhani yake njovuta, anali munthu wolemera wa mu khonsolo ya mzinda wa St Petersburg, anamangidwa pa mlandu wokhudza ndalama za boma, atatuluka pa belo anathawira ku London nkukhala woyendetsa zonse za Pavlova mpaka imfa. Iye ankati anakwatirana mwachinsinsi koma mtchatho wa ukwati sunaoneke. Mu 1932 analemba buku la moyo wake, ndipo mu 1935 anatulutsa filimu yotchedwa The Immortal Swan, kusonkhanitsa timavidiyo tija, za ku Hollywood, za kunyumba ku Ivy House, nkuikapo nyimbo. Timuthokoze, popanda iye zambiri zikanatayika. Koma tizikumbukiranso kuti ndi filimu ya munthu wolira yemwenso anali ndi dzina loti aliteteze, ndiye Pavlova wa mmenemo ndi woyera ngati mngelo, akudyetsa mbalame, akumwetulira. Pavlova wokalipa pa maphunziro, wa mkwiyo wa pompopompo yemwe ovina a m'gulu lake anadzamufotokoza m'mabuku awo, mulibemo.

Tsopano filimu yomwe ambiri amaipeza akasaka dzina lake ndi ya 1983, Anna Pavlova, ya dairekita Emil Loteanu wa ku Moldova, yopangidwa ndi Mosfilm ya Soviet Union mogwirizana ndi a ku Britain ndi maiko ena. Iyi ndiye ya ndalama, ya mitundu yowala, zovala zokongola, nyimbo za Eugen Doga, maola awiri ndi theka, ndipo ya pa TV inagawidwa zigawo zisanu. Wosewera Pavlova ndi Galina Belyayeva, mkazi wake wa Loteanu nthawi imeneyo, mtsikana wa zaka za m'ma 20 yemwe anaphunzira ballet ku Voronezh asanalowe mu mafilimu. James Fox wa ku Britain ndi Dandré. Ndiye pali chodabwitsa, Martin Scorsese, yemweyo wa mafilimu a zigawenga, akuoneka mmenemo ngati Giulio Gatti-Casazza, bwana wa Metropolitan Opera ku New York. Anafikamo bwanji? Kudzera mwa Michael Powell, mkulu wa ku Britain yemwe anapanga The Red Shoes mu 1948, filimu ya ballet yomwe Scorsese amaikonda kuyambira ali mwana. Powell anali nawo pa ntchitoyi ndipo ndi amene anayang'anira kudula filimuyi kuti ikhale yaifupi yoonetsa kumaiko a azungu, komwe inatuluka ndi dzina loti A Woman for All Time. Ndiye mukakumana ndi munthu wina nkumatsutsana za filimuyi, mufunsane kaye kuti mwaonera iti, mwina wina waona yaitali ya chi Russia wina yodulidwa ya Chingerezi.

Filimu ya mbiri ya wovina ili ndi vuto lomwe ya woimba ilibe. Ya woimba ukhoza kutenga mawu enieni a malemuyo nkuwaika pakamwa pa wosewera, anthu nkumva chomwe chinamutchukitsa. Wovina luso lake ndi thupi lake lomwelo, sungalibwereke. Ndiye dairekita amayenera kusankha, atenge wa zisudzo yemwe sangavine pa mlingo umenewo, kapena wovina yemwe sangathe kunyamula nkhani ya maola awiri, kapena aphatikize, nkhope ya uyu miyendo ya uyo. Panali mkangano pa filimu ya ballet yotchedwa Black Swan ya 2010, Natalie Portman atalandira Oscar, Sarah Lane wa American Ballet Theatre yemwe ankamuvinira malo ovuta anadandaula poyera kuti anthu akupatsidwa chithunzi choti munthu angasanduke ballerina pa chaka chimodzi ndi theka. Loteanu anasankha njira yapakati, mtsikana woti ballet anaiphunzira ndithu. Koma ngakhale atavina bwino chotani, akuvina ngati munthu wophunzitsidwa ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1970, miyendo yokwera, mizere yoongoka, zonse zaukhondo. Ndi gule wokongola, koma si uja wa 1907.

Palinso ndale. Pavlova anachoka ku Russia nkhondo yoyamba isanayambe kwenikweni, komaliza kufikako ndi 1914, ndipo chisinthiko cha 1917 chomwe chinagwetsa ufumu kumeneko chitachitika sanabwererenso. Filimu yopangidwa ndi situdiyo ya boma la Soviet yonena za munthu yemwe anakhala kunja moyo wake wonse wotsala inayenera kupeza njira yomutengera kwawo, ndiye mtima wa filimuyi ndi kupukwa, mzimayi woyenda dziko lonse koma akulira kwawo, chipale chofewa cha ku St Petersburg chili m'maso. Kuti ankapukwa nzoona ndithu, ankatumiza thandizo kwa ovina anzake nthawi ya njala ndipo ku Paris anatsegula nyumba yosungira ana amasiye a ku Russia. Koma analinso mzimayi wa bizinezi yemwe anasankha yekha kukhala bwana wa gulu lake mmalo molandira malamulo, ndipo mbali imeneyi imachepa mu filimu chifukwa misozi imajambulika bwino kuposa makontirakiti. Kukokerana kumeneku sikunathere mu filimu, mu 2001 panali dongosolo loti phulusa lake lichoke ku Golders Green Crematorium lipite ku manda a Novodevichy ku Moscow, zinakanika kutatsala pang'ono, ndipo mpaka lero lili ku London komweko, la Dandré lili pafupi.

China chomwe chimatipusitsa ife oonera lero nchakuti maso athu anazolowera ena omwe anabwera pambuyo. Maya Plisetskaya wa ku Bolshoi, gulu lalikulu la ballet la ku Moscow, anavina The Dying Swan yemweyo mpaka atapyola zaka 60, ndipo iyeyo anajambulidwa bwino, ndi nyimbo yake, manja ake akuyenda ngati mulibe mafupa, ngati madzi. Ukayamba waona ameneyo kenaka nkubwerera kwa Pavlova umaona ngati wachiwiriyu ndi wophunzira. Koma akuchita zinthu ziwiri zosiyana. Wa Plisetskaya ndi mbalame yonyada yomwe ikukana kufa, yosalala mpaka kumapeto. Wa Pavlova ndi yamantha, ikuphupha, ikunjenjemera, mutu ukugwa nkudzukanso, yosakongola nthawi zonse. Amene anaonapo mbalame yolasidwa ndi legeni ikugwa pansi akudziwa kuti simafa mwaulemu, imaphiriphitha. Ndiye pena mwana uja ponena za nkhuku sanaphonye kwenikweni, anangoona chinthu cholondola pa liwiro lolakwika.

Tinabwereza kuonera madzulo omwewo, ulendo uno ndinatsitsa liwiro pa YouTube kufika pa 0.75 nkuzimitsa mawu onse, ndinamuuza kuti asiye kuyang'ana mapazi ayang'ane khosi ndi mapewa. Pali kamphindi kena chakumapeto pomwe wagwada kale, akuyesa kukweza mkono umodzi m'mwamba, ukufika pakati nkulephera, ukutsika, ndipo mutu ukuutsatira mochedwa pang'ono ngati sunavomereze. Mwanayo sanaseke. Anangoti "abwezereni pamenepo amalume", tinabwezera katatu, kachinayi bandulo inatha.